Mawu Oduka pa Msewu wa ku Nkaya

Sipika ya m'galimoto ya Yunusu inayamba kuthetheka mvula itangosiya. Poyamba inkangoti the! kamodzi galimoto ikagwa m'dzenje, nyimbo n'kupitirira. Kenako inazolowera. Anthu amene ankawanyamula pakati pa Liwonde ndi Balaka ankaseka, ena n'kumati m'buti mwake akukazingamo mbuliwuli. Mkazi wake Lukiya anamuuza kangapo konse kuti akaikonzetse, iye n'kumangoyankha kuti galimoto imayendera injini, siyendera wailesi.

Tsiku limene anaifuna sipikayo linali Lachiwiri la mu Okutobala, tsiku limene apongozi ake anasowa.

Che Zuberi, bambo ake a Lukiya, anali atayendera njanji zaka makumi atatu, kuona ngati zitsulo zili m'malo mwake. Atakalamba anabwera kudzakhala ndi mwana wawo ku Liwonde. Zaka ziwiri zapitazo mutu unayamba kuwathawa. Ankaiwala mayina a adzukulu, ankafunsa za mkazi wawo amene anaikidwa kalekale, ndipo munthu wachilendo akawayandikira mothamanga ankatola mwala chifukwa cha mantha. M'mawa umenewo Yunusu anapita nawo ku mzikiti kukaswali subuhi, pemphero la m'bandakucha, monga mwa masiku onse. Potuluka anaima pakhomo kulankhula ndi mnzake za matayala. Sanalankhule nthawi yaitali. Atatembenuka, nkhalamba palibe.

Anafunafuna mumsika, kudepoti, kuchipatala. Anakanena kupolisi. Lukiya anayenda m'mbali mwa Shire akuitana "Ababa! Ababa!" mpaka mawu anasasa, osayerekeza kuyang'anitsitsa m'mabango mmene mumabisala ng'ona. Sanamufunse mwamuna wake kuti zinatheka bwanji. Yunusu akanakonda atamukalipira.

Cha m'ma teni koloko mayi wina wogulitsa nsomba pafupi ndi mlatho anati anaona agogo ovala mkanjo woyera akuwoloka dzuwa lisanatuluke bwino, ndipo atafika tsidya analowera kumene kumadutsa njanji.

"Abwerera ku ntchito," anatero Lukiya ndi mawu osasawo. "Akutsata njanji ya ku Nkaya."

Tsidya limenelo ndi la Balaka, dziko lotambalala: minda ya thonje youma, tchire la tsanya, malambe apa ndi apo, midzi yomwazikana. Anthu awiri sakanatha kulisanthula ndi miyendo. Yunusu ndiye anaganiza za bokosi la sipika limene linkakhala m'buti. Analitulutsa, nalimanga padenga la galimoto ndi mphira. Waya unali waufupi, choncho analumikiza wina pongopota ndi zala, n'kukulunga ndi kapepala ka pulasitiki. Lukiya anameza madzi, nayeretsa kukhosi, najambula mawu pa foni:

"Abale, tikufunafuna bambo athu, Che Zuberi a ku Liwonde. Ndi okalamba, avala mkanjo woyera ndi mzuli. Akudwala matenda oiwala. Si oopsa. Mukawaona musawathamangitse. Agwireni dzanja, muwakhazike pamthunzi, muimbe nambala iyi."

Anatchula nambala kawiri. Yunusu analumikiza foni ku wailesi, nasiya phula n'kulowa msewu wafumbi.

Msewuwo unali wa mabampu okhaokha. Padenga panali the-the-the! osalekeza, ngati moto walowa m'nsungwi. Yunusu anatsitsa voliyumu, koma anaona kuti anthu a patali sakutembenuka nkomwe, ndiye anaikwezanso mpaka kumapeto. Anasuntha chingwe cha foni, nachipukuta pa malaya, nachibwezera. Palibe chinasintha. Koma m'katimo mawu a Lukiya ankamveka onse, kuchokera m'masipika ang'onoang'ono a m'zitseko, ndipo iye anadzitonthoza kuti kunjanso akumveka, kungoti ndi phokoso pang'ono.

Anadutsa midzi inayi. Anthu ankatuluka m'nyumba, n'kuima m'mbali mwa msewu atatchera makutu. Pamudzi wachitatu anyamata amene ankaumba njerwa anasiya zikombole n'kuyamba kulozerana kuthengo. Mtima wa Yunusu unatsika pang'ono. Uthenga ukuyenda, anaganiza choncho.

Dzuwa lili pamutu anafika pa Mtondo, kamsika ka magolosale asanu ndi chigayo. Yunusu anaima kuti agule madzi, injini ikulira, uthenga ukubwerezabwereza. Mayi wogulitsa zitumbuwa anayandikira zenera la Lukiya.

"Pepani amayi. Munthu mukumufunayo wapha kapena waba?"

Lukiya anamuyang'ana ngati sanamve. "Mukuti chiyani?"

"Wa mkanjo woyerayo. Si mukuti ndi woopsa, timugwire?"

Yunusu anataya botolo la madzi. Anathamanga mapazi makumi awiri kutsogolo kwa galimoto, natembenuka, namvetsera kwa nthawi yoyamba zimene anthu akhala akumva m'mawa wonse. Bokosi la padenga linkalankhula modukiza, liwu limodzi kutuluka, atatu kumezedwa ndi kuthetheka.

"...tikufunafuna... khrrr... mkanjo woyera... the-the... oopsa. Mukawaona... khrrr... agwireni..."

Anakumbukira anyamata a njerwa aja, mmene analozerana. Anakumbukiranso nkhani zimene aliyense amazidziwa, za nkhalamba zopezeka zikuyenda zokha kumudzi kwa eni, zosatha kunena kwawo, ndi zimene gulu limazichita likangomva wina atafuula kuti mfiti.

Anathamangira kukazimitsa wailesi. Lukiya anali atatuluka kale, atagwira chitseko ndi manja onse awiri.

"Midzi inayi, bambo a Salma," anatero motsitsa. "Tauza midzi inayi kuti bambo anga ndi oopsa."

"Tibwerera. Tikawauza pakamwa."

"Pakamwa pa ndani? Ine mawu ndilibe. Inu mufuula khomo ndi khomo mpaka liti?"

Mayi wa zitumbuwa, ataona mmene zinthu zaipira, analoza kuseri kwa chigayo. "Pitani kwa a Esau. Amakonza ma sola ndi mawaya a njinga zamoto. Wailesi amazidziwanso."

Esau anali bambo wamfupi wa imvi za m'mbali, magalasi ake omangidwa ndi ulusi. Anamvetsera nkhani yonse osasiya kusenda waya umene unali m'manja mwake. Yunusu atamaliza, iye anaika wayawo pansi, natenga pulayasi, mpeni ndi tepi, nayenda kupita ku galimoto mosathamanga. Yunusu analephera kupirira kuyenda kwakeko.

"Achimwene, chonde, nthawi."

"Ndamva. Inayamba liti?"

"Kale. Mvula itangotha."

"Imathetheka nthawi zonse, kapena pamabampu pokha?"

"Kale pamabampu pokha. Lero paliponse."

"Ndiye matenda ndi awiri," anatero Esau. "Akale ndi a lero. Zimitsani injini. Tsekani masipika a m'zitsekowa, ndi amene akunamizani. Ndikufuna ndimve bokosi lokha."

Yunusu anachita zimenezo. Bokosi linalankhula mothetheka. Esau anazula chingwe cha foni natsegula wailesi wamba, ndipo wowerenga nkhani nayenso anathetheka chimodzimodzi.

"Foni ilibe mlandu, chingwe chilibe mlandu."

Anakwera pa tayala, naika zala zitatu pa pepala lakuda la sipika, nalikankha pang'onopang'ono, khutu ali nalo pafupi. Yunusu ankadziwa kuti ngati sipika yapsa, pa Mtondo panalibe pogula ina.

"Ndi yamoyo," anatero Esau. "Ikanapsa bwenzi ikukhula m'kati."

Anatsata waya ndi chala kuchokera ku bokosi mpaka anafika pa kapulasitiki kaja. Anakamasula. Tinthambo tiwiri tinali titatuluka pa mfundo, tikukhudza denga la galimoto. Esau anamuyang'ana Yunusu pamwamba pa magalasi. Anadula, nasenda, napota bwinobwino, nakulunga waya uliwonse pawokha ndi tepi.

"Yesani."

Mawu a Lukiya anatuluka oyera, kufika mpaka ku chigayo. "Akudwala matenda oiwala. Si oopsa." Anthu amene anali atasonkhana anang'ung'udza, ena akugwira pakamwa.

Yunusu anali atakhala kale pa chiwongolero. "Mayi a Salma, lowani! A Esau, Mulungu akudalitseni, ndidzabwera..."

Esau anaika dzanja pa chiwongolero. "Simunapite. Lizani injini."

"Yatheka, mwamva nokha!"

"Yatheka itaima. Kodi mukalengeza mutaima? Ndati matenda ndi awiri."

Yunusu analiza injini mano ali gwa. Esau anapita kumbuyo, nayamba kukankha galimoto ndi phewa kuti igwedezeke ngati ili pamsewu. Sanakankhe kanayi. The-the-khrrr! Liwu lakuti "si" linamezedwanso, ngati kuti sipikayo inali ndi chidani ndi liwu limenelo.

Lukiya anakhala pansi m'fumbi, nabisa nkhope mu mpango.

"Ampu ili kuti?" anafunsa Esau, kutanthauza kabokosi kokweza mawu.

"Pansi pa mpando wa kutsogolo."

Esau anakankhira mpando kumbuyo, nagwada, nalowetsa mutu. Yunusu ankangoona msana wake ndi zidendene zong'aluka. Nyenje zinkalira m'mitengo mpaka makutu kuwawa. Kutali, cha kumene anachokera, kunamveka likhweru, kenako lina.

"Munalowa nayo m'madzi galimotoyi?"

"Mu Malichi. Madzi anafika m'mipando."

"Bwerani muone."

Yunusu anawerama. Esau anamuonetsa waya wakuda wonenepa, wochokera ku ampu kupita ku kabawuti ka pansi pa galimoto. Kabawutiko kanali kofiira ndi dzimbiri, ndipo waya unkagwedera ngati dzino la mwana.

"Uwu ndi umene umabweza moto ku chitsulo cha galimoto. Ukagwira, mawu amatuluka. Ukasiya, amaduka. Pabampu lililonse ukugwira n'kusiya. Ndipatseni sipanala ya teni."

Sipanala inapezeka m'buti. Esau anaikoleka, nakoka. Kabawuti sikanasunthe. Anadontheza mafuta a buleki, nadikira pang'ono, nakokanso ndi manja awiri. Kanalira kuti kwi, kenako thyo! Mutu wake unatsalira m'sipanala.

Onse awiri anauyang'ana mutuwo.

"Tiboole pena," anatero Esau. "Ndili ndi choboolera cha manja kunyumba. Mphindi makumi awiri."

Asanadzuke, njinga yamoto inafika ikuutsa fumbi. Wokwerapo, mnyamata wa kabaza, sanazimitse nkomwe. Anaona bokosi padenga, nafuula mokondwa ngati wobweretsa nkhani yabwino.

"Ndi inu mumalengeza aja? Amugwira! Ali pa mjigo wa pafupi ndi kalavati ya njanji. Anayamba kugenda anthu, koma amumanga. Fulumirani, anthu akwiya kumeneko!"

Lukiya anadzuka osagwira pansi. Anayesa kukuwa, koma pakhosi panangotuluka mpweya.

"Ndi kutali bwanji?" anafunsa Yunusu.

"Kudutsa midzi iwiri. Mukafika pa mlambe wong'ambika mukhotere kumanja."

Yunusu anamuyang'ana Esau. Mphindi makumi awiri panalibe. Kupita ndi sipika yoduka kunali kukathira mafuta pamoto. Kupita chete, anthu awiri okha pakati pa gulu, mmodzi wopanda mawu, sankadziwa ngati angamvedwe n'komwe.

Esau anali atatsegula kale mpeni. Anapala penti pa chitsulo cha mwendo wa mpando mofulumira, mpaka panayera ngati ndalama yatsopano. Anadula kumapeto kwa waya wakuda kumene kunali dzimbiri, nasenda pena, naugoneka pa chitsulo choyeracho, naufinya ndi pulayasi.

"Amayi, khalani kumbuyo. Inu yendetsani. Ine ndigwira."

"Mugwira njira yonse?"

"Mukufuna tikambirane kapena tipite? Ndipo voliyumu musafikitse kumapeto. Itsitseni pang'ono, ampu isatsamwe."

Anapindika m'malo oika miyendo, mawondo pansi, mutu pafupi ndi giya, manja onse awiri pa pulayasi. Chitseko chinatsekedwa. Yunusu anaponda moto.

Sanayendetsepo chotero chiyambire. Galimoto inkadumpha mabampu, mutu wa Esau n'kumagunda pansi pa dashibodi, koma bamboyo sanadandaule. Padenga mawu a Lukiya ankatuluka athunthu, akuwoloka minda. "Akudwala matenda oiwala. Si oopsa. Mukawaona musawathamangitse." Pamudzi woyamba amayi amene anali pa mtondo anasiya kusinja. Bambo wina amene ankathamanga m'mbali mwa msewu ndi chibonga anachepetsa liwiro, naima, nayang'ana chibonga chake.

Pa dzenje lina lalikulu sipika inati khrr! kamodzi. Yunusu anayamba kuchepetsa liwiro.

"Ndagwira, ndagwira," anatero Esau ali pansipo. "Musachepetse."

Mlambe wong'ambika unaoneka. Yunusu anakhota mpaka matayala a kumbuyo anaseseleka. Patsogolo panali chitunda cha njanji, ndipo m'munsi mwake gulu la anthu, mwina makumi asanu, litazungulira mjigo. Ena anali ndi ndodo. Ana anali atakwera pa chitunda kuti aone bwino.

Sanaimbe hutala. Anangoyendetsa molunjika, pang'onopang'ono, mawu akutsogola. Mitu inatembenuka. Ena anakuwa mokondwa poona galimoto ija yabwera kudzatenga munthu wake. Kenako anayamba kumva. Uthenga unatha, nuyambanso. "Abale, tikufunafuna bambo athu..." Phokoso linayamba kuzima kuchokera kumbuyo kwa gulu kupita kutsogolo, mpaka panatsala mawu a padenga okha ndi nyenje.

Lukiya anatsegula chitseko galimoto isanaime. Anthu anamupatukira.

Che Zuberi anali atakhala m'matope a pa mjigo, manja atamangidwa kumbuyo ndi chingwe cha mbuzi. Mzuli panalibe. Magazi ochokera pachipumi anali atatsikira m'ndevu n'kudontha pa mkanjo. Mapazi anali otupa, opanda nsapato. Patsogolo pawo panaima mayi wamtali atanyamula ndowa yachitsulo yopanda madzi ngati chishango, kolona ikulendewera pakhosi, chitenje chitang'ambika m'mbali. Ankapuma ngati wathamanga mtunda.

"Ndi bambo anu?" anafunsa mayiyo.

Lukiya anangogwedeza mutu, nagwada m'matope, nayamba kulimbana ndi mfundo za chingwe.

"Ndawauza anthuwa kuyambira kale," anatero mayiyo mokweza, akuyang'ana gulu. "Munthu woopsa amapempha madzi ndi manja awiri? Ndine Scholastica ine, nonse mukundidziwa. Amayi anga anadwala matenda omwewa, ena a inu munkawabweza kunyumba akasochera. Lero mwaiwala?"

Mnyamata wina wa malaya ofiira, ndodo ikadali m'manja, analoza Yunusu. "Musatinamizire ife. Galimoto yomweyi inadutsa m'mawa. Inati ndi woopsa, timugwire. Tonse tinamva."

"Eee, tinamva," anavomereza ena. Gulu linayambanso kuyenda, tsopano kulowera kwa Yunusu.

Yunusu anali ataima pafupi ndi chitseko. Akanatha kunena kuti anamva molakwika, kuti makutu awo ndiwo anali ndi vuto. Anayang'ana chipumi cha apongozi ake.

"Munamva zoona," anatero. "Sipika yanga inali yowonongeka, inkadula mawu. Ndinkadziwa kuti ndi yowonongeka, ndinanyalanyaza. Amene anawataya bambowa m'mawa ndi ine, amene ndakuuzani zolakwika ndi ine. Ngati pali woti mumukwiyire, ndi ine." Anatembenukira kwa mnyamata uja. "Koma ngakhale akanakhala wakuba, bambo a msinkhu uwu, mwala pamutu?"

Wa malaya ofiira anayang'ana kumbali. Padenga uthenga unali kubwerezabe, ukutchula nambala ya foni kwa anthu amene anaima pamaso pa mwini wake.

"A Esau," anatero Yunusu chapansipansi, "mutha kusiya."

"Zala zakana kutseguka," anayankha Esau m'galimoto.

Yunusu anazimitsa wailesi, nawerama, namasula zala za bamboyo chimodzichimodzi pa pulayasi. M'zikhatho munali mizere iwiri yakuya, ndipo pamphumi panali patatupa. Esau anatuluka chokwawa, nawongola msana pang'onopang'ono, nakonza magalasi.

Chingwe chitamasuka, Che Zuberi anayang'ana manja awo, kenako nkhope ya Lukiya, nthawi yaitali.

"Mwana wanga," anatero, "anthu awa sakufuna ndigwire ntchito. Sitima ikubwera, njanji sindinamalize kuiona."

"Mwamaliza, Ababa," ananong'ona Lukiya. "Akuti mukapume."

"Atero?"

"Atero."

Scholastica anapopa madzi, natsuka bala ndi nsonga ya chitenje chake. Mkulu wina anabweretsa nsapato imodzi imene anatola pa chitunda. Kamtsikana kanabwera ndi mzuli wodzaza fumbi, n'kuupereka chogwada. Amene anali ndi ndodo anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena akuzitaya m'tchire mwakachetechete. Yunusu atayandikira kuti awanyamule, Che Zuberi anadzikokera kumbuyo mwamantha, osamuzindikira. Anachita kuwanyamula Esau ndi Scholastica, wina uku wina uku, Yunusu atangogwira chitseko.

Chipatala chaching'ono chinali mtunda wa makilomita asanu ndi awiri. Namwino anasoka bala ndi ulusi kanayi, nati nkhalambayo yauma m'thupi, iyenera kulandira madzi a m'botolo kudzera mumtsempha mpaka madzulo. Anawagoneka pa bedi la pafupi ndi zenera. Lukiya anakhala pambali atagwira phazi lawo lotupa. Yunusu anaima pakhomo la chipindacho, osadziwa ngati alowe.

Scholastica, amene anabwera nawo, anamukoka malaya n'kupita naye pakhonde.

"Bambo, ntchito yanu sinathe."

"Ndikudziwa. Ndikubwezani kwanu pompano."

"Sindikunena za ine. Munadutsa midzi ingati m'mawa?"

"Inayi."

"Pobwerera mwadutsa iwiri. Ina iwiriyo akusakabe munthu wa mkanjo woyera. Ndipo nkhani yafika kale kumene galimoto yanu sinafike. Kuno nkhalamba zovala mikanjo zilipo zambiri. Ino ndi nthawi yoti azipita ku mzikiti."

Yunusu zimenezo sanaziganize. Anayang'ana Esau, amene anali atakhala pa benchi akupinda ndi kutambasula zala.

"Sindigwiranso ndi manja," anatero Esau. "Pa mpando wa kumbuyo pali kabawuti kabwino, ndakaona. Tikamasule, timangirepo wayawo. Mphindi zisanu."

Zinatenga khumi. Esau anapala chitsulo mpaka kuyera, namanga waya wakuda zolimba, naukoka kawiri kuti aone ngati ugwedera. Kenako anauza Yunusu kuti alize injini, ndipo iye ndi Scholastica anagwedeza galimoto ndi mapewa, wailesi ikulankhula. Panalibe kuthetheka.

Panatsala uthenga watsopano. Yunusu analowa m'chipinda muja foni ili m'manja, naima kumapazi kwa bedi.

"Mayi a Salma, pakufunika kuwauza kuti apezeka."

Lukiya sanadzutse mutu msanga. Atadzutsa, maso ake anali ofiira, koma ouma. Analoza pakhosi pake, napukusa mutu.

"Nenani ndinu," ananong'ona. "Ndipo mukajambula, mutuluke panja, muime patali, mumvetsere kaye."

Yunusu anapita kuseri kwa chipatala kumene kunalibe phokoso. Anajambula katatu, chifukwa kawiri koyamba mawu ankanjenjemera. Ananena m'Chichewa, nabwereza m'Chiyao: kuti bambo amene ankafunidwa apezeka, kuti anali odwala chabe, kuti uthenga wa m'mawa unali wolakwika, kuti pasapezeke wogwira kapena kuvutitsa munthu aliyense. Analumikiza foni, nayenda mpaka pa mpanda wa chipatala, natembenuka. Anamvetsera kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza, kawiri.

Scholastica anakhala kutsogolo kuti aziloza njira za midzi ya kuseri kwa njanji. Esau anakhala kumbuyo, manja ali pa mawondo. Anazungulira mpaka dzuwa linapendeka, midzi isanu ndi umodzi, akuima pa chigayo chilichonse ndi pa mjigo uliwonse kuti uthenga umveke wonse. Pamudzi wina anapeza anyamata atatu atakhala pa mphambano ndi zibonga, akudikirabe. Anamvetsera, nayang'anana, mmodzi n'kufunsa ngati agogowo ali moyo.

"Ali moyo," anayankha Yunusu.

"Chabwino," anatero mnyamatayo, nadzuka, nakung'untha fumbi pa thalauza.

Atawatsitsa awiriwo, wina pa mjigo wina pa Mtondo, Yunusu anabwerera yekha ku chipatala. Botolo la madzi linali litatsala pang'ono kutha. Che Zuberi anali m'tulo, pakamwa pali pululu. Lukiya anasuntha pa benchi, namusiyira malo, ndipo iye anakhala.